Kodi sitima yapamadzi imadula kawiri pa khadi la kubanki?

Mayi wina wogwira ntchito ku Johannesburg wandilembera imelo. Iye ndi bambo akunyumba akhala akusunga ndalama chaka chonse, ndipo alipira kale ulendo wogona masiku anayi pa sitima yapamadzi yonyamukira ku Durban kupita kugombe la Mozambique. Tsopano awauza kuti akakwera akalembetsenso khadi la kubanki. Mawu ake ndi awa: "Ndinalipira kale zonse, nanga khadi akulifuniranji? Ndili ndi khadi limodzi lokha, ndi lomwe malipiro anga amalowera, ndi lomwenso lendi imatulukira. Mnzanga wa kuntchito akuti iye anamudula kawiri atatsika sitima. Kodi zimenezi zimachitikadi?"

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kangapo, ndipo pamene pandigwira mtima ndi pa mawu akuti khadi limodzi lokha. Timabuku ta makampani a sitimazi timalembedwa poganizira munthu amene m'chikwama mwake muli makhadi a ngongole awiri kapena atatu, woti madola 400 akasowa mu akaunti kwa masabata awiri sadziwa n'komwe. Ambiri a ife si otero. Ndalama ya mwezi uno ili kale ndi eni ake: ya lendi, ya sukulu, ya kumudzi, ya feteleza. Ndiye nkhani imene kampani imaibisa m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pa tsamba, kwa inu ndi imene imayenera kukhala pamwamba penipeni.

Tiyambe ndi zimene munalipira. Tikiti ija ndi ya chipinda, chakudya cha m'malo odyera akuluakulu, magule ndi zisudzo za madzulo, malo osambira, komanso misonkho ya padoko. Zotsalazo n'zogula: mowa, zoziziritsa kukhosi, khofi wa pabala, intaneti, zithunzi, kuchapitsa zovala, saluni, malo odyera apadera, maulendo okaona malo mukatsika, ngakhale madzi a m'botolo. Ndipo pogula zinthu pa sitima zimenezi salandira ndalama pamanja. Amene anakwerapo Ilala kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Nkhata Bay amadziwa zoti ukafuna chakumwa umapisa m'thumba, akupatsa chenji, nkhani yathera pomwepo. Kuno si choncho. Wogulitsa pabala alibe ndi kabati ya ndalama yomwe.

Chimene amakupatsani tsiku lokwera ndi khadi lapulasitiki la sitimayo, lolembedwa dzina lanu. Kampani ya MSC, imene sitima zake zimanyamukira ku Durban kuyambira cha mu Novembala kufika cha mu Epulo, imalitchula Cruise Card. Royal Caribbean imati SeaPass, Carnival imati Sail & Sign, pomwe Princess imapereka kanthu kozungulira ngati ndalama yachitsulo kotchedwa Medallion. Mayina ndi osiyana koma ntchito ndi imodzi. Ndi kiyi wa chipinda chanu, ndi chiphaso chimene alonda amachiona mukamatsika ndi pobwerera, ndiponso ndi chogulira chilichonse.

Khadi limeneli mulibe ndalama. Lili ngati kabuku ka ngongole ka pa okala, kaja mumatenga shuga lero, sopo mawa, mwini wake n'kumangolemba, mudzalipira pakutha pa mwezi. Mukagula khofi, wogulitsa amagunditsa khadi pa makina, mtengo n'kukalembedwa pa akaunti ya chipinda chanu. Ku banki kwanu sikunachoke kanthu panthawi imeneyo. Zonse zimaunjikana mpaka usiku womaliza, kenako bilu yonse imatumizidwa ku khadi lanu la kubanki kamodzi. N'chifukwa chake pa sitetimenti ya banki simudzaona khofi, mowa ndi zithunzi padera padera. Mudzaona mzere umodzi wokhala ndi dzina la kampani kapena la sitima.

Koma mwini okala amakudziwani, amadziwa ndi pakhomo panu pomwe. Sitima yonyamula anthu zikwi ziwiri kapena zitatu sikudziwani, ndipo m'mawa wa tsiku lotsika aliyense amalowera kwake. Choncho mukangolembetsa khadi la kubanki, kaya pa intaneti musananyamuke, kaya pa makina ooneka ngati ATM amene amakhala m'makonde a sitima, kaya pa desiki yolandirira alendo, kampani imafunsa banki yanu kuti munthu uyu angakwanitse ndalama yakutiyakuti? Banki ikavomera, imagwira ndalamayo n'kuiika pambali. Sinapite ku sitima, ikadali yanu, koma simungaitape kapena kugulira kanthu. Pa Chingerezi amati pre-authorisation kapena hold, ndipo pa app ya banki imaoneka pansi pa mawu akuti pending. Yoyambirira imakhala cha pakati pa madola 100 ndi 300, malinga ndi kampani, kutalika kwa ulendo ndi chiwerengero cha anthu amene ali pa khadilo. Zogula zanu zikayandikira ndalama imeneyo, makina amapempha banki kuti igwirenso ina, osakufunsani, nthawi zambiri usiku inu muli m'tulo.

Tiyerekeze ndi manambala, ndipo titenge kuti dola imodzi ndi R18 kuti masamu aphweke. Mwakwera Lolemba, banki yagwira madola 200. Pofika Lachitatu zogula za anthu awirinu zadutsa pamenepo, yagwiranso 100. Lachinayi mwagula zithunzi ndi mafuta onunkhira m'sitolo ya pa sitima, yagwiranso 100. Zogwidwa zakwana madola 400, amene ndi R7,200. Lachisanu m'mawa bilu yeniyeni yatuluka, madola 365, amene ndi R6,570. Zikayenda bwino, 365 ija imachotsedwa pa 400 yogwidwayo, 35 yotsala n'kumasulidwa. Koma nthawi zambiri bilu yomalizayi imafika ku banki ngati chinthu chatsopano, chosalumikizana ndi zogwidwa zija. Banki imalipira 365, zitatu zija zikadali chigwirire. Mukatsegula app muli pa msewu wa N3 kubwerera ku Johannesburg, mupeza kuti mu akaunti mwachepa R13,770 pa ulendo umene mwadyapo R6,570 yokha. Ndikukhulupirira kuti izi ndi zimene mnzanu anaona. Sananame, ndalama inasowadi. Koma kudula kunali kumodzi, inayo inali yogwidwa chabe.

Nanga imabwera liti? Apa ndi pomwe anthu amakalipira munthu wolakwika. Amaimbira kampani ya sitima, kampani n'kuwauza kuti ife tinamasula, funsani banki. Amaimbira banki, banki n'kuti dikirani. Zoona zake n'zakuti amene wagwira ndalama ndi banki yanu, ndipo ndi yomwe imaimasula. Mabanki ena amamasula pakadutsa masiku atatu kapena asanu ogwira ntchito, ena amadikira mpaka nthawi yogwirayo ithe yokha. Malamulo a Visa ndi Mastercard amalola kuti ndalama yogwidwa mwa mtundu umenewu, ya sitima, hotela kapena galimoto yobwereka, ikhale mpaka masiku 30. Njira yodziwira ngati mwadulidwadi kawiri ndi yosavuta: onani pa sitetimenti, osati pa balansi. Chimene chili pending sichinadulidwe. Chikachoka pa pending n'kukakhala pa mndandanda wa zolipiridwa, kawiri, ndalama yofanana, pamenepo ndiye pali mlandu.

Tsono apa ndilankhula mosapsatira. Khadi limene malipiro anu amalowera musalilembetse pa sitima. Pa khadi la ngongole, chimene chimagwidwa ndi limiti, kutanthauza ndalama ya banki, ndipo simulipira chiwongoladzanja pa ndalama yogwidwa chabe. Pa khadi la debit, limene limatapa ndalama zanu za mu akaunti, chimene chimagwidwa ndi chakudya cha ana. Debit order ya lendi, ija banki imadula yokha mwezi ndi mwezi, ikabwera pa 1 n'kupeza R7,200 ili chigwirire, imabwerera, banki ikulipiritsani chindapusa, mwini nyumba aimba foni, ndipo palibe amene adzakubwezereni chindapusacho ndalama ija ikamasulidwa pa 12. Makampani a sitima amadziwa zimenezi, ambiri amalemba okha kuti salimbikitsa makhadi a debit. Koma chenjezo lotere limayenera kunenedwa pakamwa ndi wogulitsa tikiti, tsiku lomwe akulandira ndalama yanu. Kumuuza munthu ali kale pamzere padoko, chikwama chili m'manja, ndi kumulakwira.

Pali chinanso chimene sindingachisiye, ngakhale simunafunse. Kusagwira ndalama pamanjaku amakunena kuti n'kopeputsira alendo, ndipo n'zoona, palibe amene amafuna kupita kosambira ndi chikwama cha ndalama. Koma kumapindulitsanso kampani kwambiri. Ndalama ya pepala imapweteka potuluka. Munthu ukatulutsa R200 n'kuona chenji chikubwera chochepa, mtima umagunda, wachiwiri umayamba waganiza. Kapulasitiki sikapweteka. Taonani mowa umodzi wolembedwa kuti 8 pa menyu. Diso lozolowera marandi limaona kanambala kakang'ono. Pamwamba pake amaikapo ya utumiki, imene pa sitima zambiri imakhala pakati pa 15 ndi 20 pa 100 iliyonse. Titenge 15, wafika pa madola 9.20. Pa R18 ndi R165.60. Banki yanu iikapo yake yosinthira ndalama, kawirikawiri 2 kapena 3 pa 100, ndiye botolo limodzi lakwana pafupifupi R170. Anthu awiri, atatu atatu patsiku, masiku anayi, ndi mabotolo 24, kupitirira R4,000, ndipo palibe mphindi imodzi imene munamva kuti mukuwononga. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Pa kalisiti kamene amakupatsani kuti musayine pamakhalanso mzere wopanda kanthu woti muwonjezere tipu. Ambiri amalembapo poganiza kuti sanapereke, chonsecho ya utumiki ili kale pamzere wapamwamba. Werengani kalisitiko musanasayine, ndipo kasungeni.

Amagulitsanso phukusi la zakumwa, loti mulipire kamodzi n'kumamwa osawerenga. Liwerengereni bwino. Mtengo wake ndi wa tsiku lililonse la ulendo, kuphatikizapo tsiku limene mwaswera kumtunda, ndipo makampani ambiri amafuna kuti wina akagula, akuluakulu onse a m'chipindamo agulenso. Ngati bambo amamwa koma inu ayi, phukusilo lingakudyereni. Ubwino wake ndi umodzi waukulu: mukaligula musanakwere, kawirikawiri mumalipira mu ndalama yomwe munagulira tikiti, mtengo mukuudziwa, ndipo sililowa m'kabuku kaja, choncho banki sigwira zambiri. N'chimodzimodzi ndi intaneti ndi maulendo a kumtunda. Chilichonse chimene mungalipiriretu muli pa nthaka youma, lipiriranitu.

Ndiye pali ndalama ya antchito, imene imakwiyitsa anthu kuposa china chilichonse. Makampani ambiri amalemba pa akaunti yanu ndalama yokhazikika usiku uliwonse, pa munthu aliyense, kuyambira cha pa madola 10 kufika pa 20 kapena kuposerapo. Ena amaitchula gratuities, MSC imati hotel service charge. Munthu amene sanagule ngakhale botolo la madzi amadabwa kupeza bilu ili ndi madola 80 kapena 100. Maganizo anga ndi awa: ndalama imeneyi ndi gawo la malipiro a antchito, ndipo imayenera kukhala mu mtengo wa tikiti kuyambira pachiyambi. N'zotheka, P&O Cruises ya ku Britain inasiya kuilipiritsa padera mu 2019. Kuichotsa pa tikiti kuti mtengo uoneke wotsika pa chikwangwani, kenako n'kuibweretsa usiku munthu atakwera kale, ine sindikuona chilungamo pamenepo.

Komabe mkwiyo umenewu usagwere amene sanalakwe. Pa sitima zina amalola kupita ku desiki kukaichotsa kapena kuichepetsa, ndipo usiku womaliza mzere wa anthu ofuna kutero umatalika. Amene amavutika si kampani. Ndi mnyamata amene amakonza chipinda chanu, mtsikana wonyamula mbale, ndi ochapa nsalu amene simudzawaona n'komwe chifukwa amagwirira ntchito pansi pa sitima. Ambiri ndi ochokera ku Philippines, Indonesia ndi India, ena ndi a kuno kummwera kwa Africa, ndipo amakhala miyezi 6 mpaka 9 pamadzi akugwira ntchito tsiku lililonse, kutumiza ndalama kwawo monga momwe inu mumatumizira kumudzi. Ife amene timadziwa kugwira ntchito m'dziko la eni sitiyenera kukhala oyamba pamzere umenewo. Iwerengereni mu bajeti ngati gawo la ulendo. Chokhacho choti muonetsetse n'chakuti musailipire kawiri: matikiti ena amakhala ataiphatikiza kale. Onani pa pepala lotsimikizira ulendo wanu, ndipo ngati yalembedwapo kuti inalipiridwa, litengeni pepalalo. Ikadzaonekanso pa bilu, kumeneko ndiye kudula kawiri kwenikweni, ndipo a pa desiki amaichotsa mukawaonetsa.

Za madola zija ndibwererepo, chifukwa ena amadabwa kuti sitima yanyamuka ku Durban, anthu ake ndi a ku South Africa, bwanji mitengo ili m'madola? Sitima iliyonse ili ndi ndalama yake yogulitsira, ndipo si nthawi zonse pamene imayendera doko limene mwakwerera. Za ku Durban zimagulitsa m'madola a ku America. Abale a ku Britain amakumana nazonso: ku Southampton, wokwera P&O amalipira m'mapaundi, koma wokwera Cunard padoko lomwelo amalipira m'madola. Polembetsa khadi, makina kapena fomu ingakufunseni ngati mukufuna kulipira mu ndalama ya kwanu m'malo mwa ya sitima. Funsoli limamveka ngati lokukomerani mtima. Kanani. Mukavomera, amene amasintha ndalamayo ndi a mbali ya sitima, pa mtengo wawo, umene kawirikawiri umakhala ndi phindu loposa la banki yanu, ndipo mabanki ena amaikapobe yawo chifukwa malondawo achitikira kunja. Sankhani ndalama ya sitima, banki yanu isinthe yokha.

Dziwaninso kuti mtengo wa dola umene udzagwire ntchito si wa tsiku limene munamwa khofi, koma wa tsiku limene bilu yadutsa ku Visa kapena Mastercard, mwina tsiku limodzi kapena awiri mutatsika. Kwa randi kusiyana kwake kumakhala kochepa. Kwa kwacha kungakhale koopsa. Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi itagwetsa kwacha ndi 44 pa 100, dola inachoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi. Bilu ya madola 365 ija ikanachoka pa K430,700 kufika pa K620,500 munthu ali chigonere m'chipinda chake pa sitima. Ndipo kwa amene akuwerenga ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre n'kumaganiza zodzakwera nawo, pali vuto lina lalikulu kuposa limeneli. Chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mabanki a ku Malawi amaika malire pa zimene khadi lingagule kunja kwa dziko. Mu akaunti mungakhale makwacha ambirimbiri, koma sitima ikapempha kugwira madola 200, khadi n'kukana. Pitani ku nthambi ya banki yanu ndi pasipoti ndi tikiti kukadali masabata angapo, mufunse kuti khadi lanu lingatulutse madola angati kunja, ndipo pamafunika mapepala anji kuti akuwonjezereni. Safunsa anadya phula.

Zolowa mu bilu mwakachetechete

Kafiriji ka m'chipinda ndi koyamba. Zimene zili m'katimo n'zogulitsa, ndipo wokonza chipinda amawerenga zimene zachoka. Botolo la madzi loikidwa patebulo nalonso nthawi zambiri limakhala la malonda, onani kapepala kamene kali pakhosi pake. Tawulo la kosambira kapena lopita nalo kugombe likapanda kubwezedwa, makampani ena amalilemba pa akaunti. Kachipatala ka pa sitima si kaulere: kuonana ndi dokotala, jakisoni, mankhwala, zonse zimapita pa akaunti m'madola, inu n'kukaitanitsa ku inshuwalansi pambuyo pake, choncho musachoke popanda lipoti la dokotala ndi lisiti.

Ana ndi nkhani ina. Mwana aliyense amapatsidwa khadi lake, ndipo likalumikizidwa ku akaunti yanu limagula ngati lanu lomwe. M'chipinda cha magemu mwana amangogunditsa, kugunditsanso, kwa iye ndi masewera. Tsiku loyamba lomwelo pemphani a pa desiki kuti alitseke kugula kapena aike malire. N'chimodzimodzi mukamayenda pagulu: musalole kuti zipinda za achibale zikhale pa khadi lanu pongofuna kufulumira pamzere, chifukwa zogwidwa zonse zidzagwera inu. Ku kasino, kutenga ndalama yosewerera kudzera pa khadi la chipinda kumakhala ndi kachindapusa kake pa sitima zambiri. Ndipo kwa oyenda m'nyanja ya Mediterranean, sitima ikakhala m'madzi a Spain pamawonjezeka msonkho wa VAT, 10 pa 100 pa zakumwa ndi 21 pa 100 pa katundu wa m'sitolo.

Chimodzi chokha sichidutsa pa bilu ya sitima koma chimaluma kuposa zonsezi, ndicho foni. Sitima ikatalikira kumtunda, foni imalumikizana ndi netiweki ya pa sitimayo yodzera pa setilaiti, ndipo mtengo wake umabwera pa bilu ya kampani yanu ya foni. Ikani pa airplane mode sitima isananyamuke, muyatse Wi-Fi yokha. Mukatsikira pa Portuguese Island kapena ku Pomene, malo amene sitima zimaima ku Mozambique, tenganiko ndalama pang'ono pamanja, chifukwa ogulitsa ziboliboli ndi nsalu a m'deralo alibe chochita ndi khadi la sitima.

Khadi likakana muli pakati pa nyanja

Zimachitika kawirikawiri, ndipo nthawi zambiri si chifukwa chosowa ndalama. Banki imaona pempho la madola lochokera ku kampani yakunja, mwina looneka ngati lachokera ku Geneva kumene kuli likulu la MSC, kapena ku Miami kumene kuli la Royal Caribbean, pomwe dzulo lake munagula buledi ku Durban. Makina ake olimbana ndi akuba amatseka khadi n'kukutumizirani uthenga woti mutsimikize, koma uthengawo sukufikani chifukwa foni ilibe netiweki. Mumangoona wa pabala akukuuzani mwaulemu kuti mukaonane ndi a pa desiki, kapena mupeza kakalata pansi pa chitseko. Zifukwa zina ndi malire a patsiku amene munaika nokha pa app n'kuiwala, batani la kugula kunja kwa dziko lozimitsidwa, kapena khadi la dzina la munthu amene sali pa sitima. Musananyamuke dziwitsani banki masiku a ulendo, yatsani batanilo, kwezani malire, ndipo tengani khadi lenilenilo, osadalira la pa foni lokha. Khadi la sitima likatayika, kanenereni nthawi yomweyo kuti alitseke n'kukupatsani lina.

Bilu musaidikire tsiku lomaliza. Imaoneka pa TV ya m'chipinda, pa app ya kampani, kapena pa makina aja, ndipo kuiona madzulo alionse kumatenga mphindi ziwiri. Zolakwika zimakhalapo: wogulitsa walemba nambala ya chipinda cha wina, chakumwa cha mu phukusi chalembedwa ngati chogula, ulendo wa kumtunda umene unalephereka chifukwa cha mafunde sunabwezedwe. Mukadali pa sitima, lisiti lili m'manja, amakonza pomwepo. Mukatsika, nkhani imasanduka ya maimelo ndi masabata. Pitani ku desiki masana a tsiku loti mawa mutsika, kapena m'mamawa kwambiri, chifukwa madzulo ake mzere umafika pamasitepe. Bilu yomaliza itengeni pa pepala kapena pa imelo. Mukaona kandalama kena kakang'ono kadulidwa patapita masiku, kawirikawiri ndi ka m'kafiriji kapena khofi wa m'mawa wotsika, amene analowa bilu itatsekedwa kale. Ngati mwadulidwadi molakwika ndipo kampani sikuyankha, kadandauleni ku banki kuti ibweze ndalamayo kudzera mu chargeback, ndipo musachedwe, nthawi yake nthawi zambiri ndi masiku 120. A ku Britain olipira ndi khadi la ngongole ali ndi chitetezo china cha Section 75 ya Consumer Credit Act ya 1974, pa chinthu cha mtengo wopitirira mapaundi 100 mpaka 30,000.

Tsono inu, Mayi, chitani chonchi. Njira yabwino kwa inu ndi ya ndalama pamanja: gulani madola ku banki kapena kosinthitsa ndalama, ndi pasipoti ndi tikiti, pasanapitirire masiku 60 ulendo usanafike monga amalolera malamulo a South Africa, n'kukawasungitsa pa akaunti ya chipinda tsiku lokwera. Funsiranitu kuti yochepetsetsa imene amalandira ndi zingati. Akatha, khadi la sitima limaima mpaka muwonjezere, ndipo otsala mumakatenga ku desiki musanatsike. Banki sigwira kalikonse. Ngati simukufuna kuyenda ndi ndalama, tsegulani akaunti yachiwiri ku banki yanu yomweyo yokhala ndi khadi lake, muikemo kuwirikiza kawiri zimene mukuganiza kuwononga, n'kulembetsa limenelo. Zikakanika zonsezi n'kutsala khadi la malipirolo, lipiriranitu lendi ndi zina zonse za pa 1 musanakwere. Mukatsika n'kupeza zogwidwa zikadalipo patatha sabata, tumizani ku banki bilu yomaliza yoonetsa kuti mulibe ngongole, mutchule tsiku ndi kuchuluka kwa chogwidwa chilichonse, n'kupempha kuti azimasule.